Tsiku Lomwe Ndinavota M'dziko la mu Filimu

Chaka chimenecho abwana anga a ku Table View, kuno kudziko la eni, anapita kukaona ana awo kutsidya la nyanja, nandiuza kuti ndipume kaye mwezi wathunthu. Kupuma kwa munthu waganyu ndi njala basi. Ndinkangokhala m'kachipinda kanga ka malata ku Mfuleni kumvetsera mphepo ikulimbana ndi denga, ndipo ndikatopa ndinkapita kukacheza kwa atelala.

Atelalawa anali bambo achikulire a ku Machinga, a ndevu zoyera ndi kachisoti koluka kumutu. Ankasokera mu kontena pafupi ndi poimira matakisi, ndiwo maminibasi a kuno. Amalawi tonse a m'dera lija, Akhristu ndi Asilamu omwe, tinkawatchula kuti ankolo. Sanali olankhulalankhula, koma pa benchi yawo munthu unkakhala tsiku lonse popanda wokufunsa kuti wadzatani.

Inali nyengo ya chisankho. Mapolo onse a magetsi anali atavala nkhope za andale, ndipo magalimoto a zimkuzamawu ankayamba kuzungulira dzuwa lisanakwere. Ife alendo sitivota kuno, koma chisankho chimatigwera pamutu kuposa eni ake, chifukwa aliyense wofuna kuomberedwa m'manja amangoyamba kunena za ife. Akuti tawalanda ntchito, tadzaza zipatala. Masiku amenewo ndikakwera takisi ndinkazimitsa foni, kuopa kuti wina wakumudzi angaimbe ine n'kuyankha m'Chichewa.

Tsiku lina ndinapeza mu kontena muja mutadzaza nsalu zotuwa ngati phulusa. Pa nsalu iliyonse panali nkhope ya bambo wonenepa, akumwetulira mano onse pamtunda.

"Ankolo, mwalowa chipani?" ndinawaseka.

"Ndi za filimu izi, achemwali," iwo anayankha, maso ali pa singano. "Munthu ameneyu kulibe, chipani chakenso kulibe. Komabe ndikamamusoka ndimamugoneka chafufumimba. Sindifuna azindiyang'ana."

Ndikadali pomwepo kunabwera mayi amene anawapatsa ntchitoyo. Anali wa ku Zimbabwe koma makolo ake a ku Dedza, ndipo Chichewa chake chinali chothira Chishona. Ntchito yake inali yosakira anthu opanga mafilimu chilichonse chimene akufuna. Ulendo uno ankafuna anthu oti akaime ngati khamu pa malo ovotera, tsiku limodzi lokha, chakudya chawo, malipiro madzulo.

Ine mafilimu oopsa ndinawakonda kuyambira ndili mtsikana, aja oti umaonera utaphimba kumaso koma zala zitatambasuka. Koma ndinafunsa kaye funso limene aliyense wa ife amafunsa. Pemiti yanga yokhalira m'dziko muno inali itatha kale, yatsopano ndikudikirabe.

"Kulibe zofunsana mapepala kumeneko, asisi," anatero mayiyo. Kenako anawayang'anitsitsa ankolo. "Ndipo inu bambo, nkhope yanuyi akaifuna kwambiri."

Ankolo anakana kawiri. Kachitatu anandiyang'ana ine, nati, "Chabwino, ndikuperekezani."

Tsiku lojambula linafika patangotha masiku awiri anthu atavota, zotsatira zisanalengezedwe. M'tauni monse munali zii wachilendo. Mashopu ena a alendo sanatsegule. Eni dziko ankayenda ndi kadontho kakuda pa chikhadabo cha chala chachikulu, chizindikiro choti avota, ndipo aliyense khutu linali ku wailesi.

Basi inatitenga m'mamawa n'kutitula pa fakitale yakale, kuseri kwa milu ya mchenga, yozunguliridwa ndi mpanda wa waya. Anali ataisandutsa sukulu: madesiki, bolodi, mabokosi oponyamo mavoti. Tinalipo ambiri, Amalawi, a ku Zimbabwe, a ku Congo. Zikwama ndi mafoni anatiuza kuti tisiye m'chipinda china kuti zisasokoneze. Ine ndinangotsala ndi ndalama ya takisi imene ndimamanga pa kansalu m'chiuno. Kenako amayi tonse anatipatsa nsalu zija kuti tivale.

Wotsogolera filimuyo anali mzungu wamtali, wolankhula mofatsa, wosayang'ana munthu kumaso. Anafotokoza nkhaniyo, mayi wa ku Zimbabwe uja akumasulira. Akuti kuli dziko lina lopanda dzina, ndipo pulezidenti wake, uja wa pa nsalu, wadziwa kuti sapambana. Ndiye wakonza inki yamatsenga. Munthu ukamuvotera, chala chako chimakhala chofiirira. Ukamukana, chimada bii. Masana asilikali amabwera pa malo ovotera kudzaona zala.

Anthu anaseka. Wina wa ku Ntcheu anakuwa kumbuyo kuti, "Musawauze akwathu nzeru imeneyi!" Ankolo sanaseke.

Anatindandalika n'kumativiika chala cholozera m'kabotolo mpaka m'mfundo yachiwiri, monga timachitira kwathu. Ena chofiirira, ena chakuda. Changa chinali chakuda. Cha ankolonso.

Ntchito yake inali yosavuta. Tiime pa mzere. Lole ya asilikali ilowe pa geti, iwo adumphe, awombere m'mwamba, ife tithawe tikukuwa. Ankolo okha asathawe: asilikali awiri awagwire, awakweze dzanja kuti chala chioneke, kenako awakokere ku lole.

Ulendo woyamba zinali zosangalatsa. Mfutizo zinali ndi zipolopolo zabodza koma phokoso lake linali lenileni, lolowa mpaka m'mano. Tinathamanga, tinakuwa, ena akugwa dala. Wotsogolera anapukusa mutu. Tibwereze. Tinabwereza kachiwiri, kachitatu, mpaka ndinasiya kuwerenga. Mphepo ya kuno ija inayamba, mchenga ukutilowa m'maso ndi m'kamwa. Nthawi iliyonse ndikamabwerera pa mzere ndinkaona ankolo akutsika mu lole pang'onopang'ono, asilikali aja akuwagwiriziza mwaulemu n'kumawapepesa.

"Mukuthamanga ngati mukuthamangira basi," mayi uja anatimasulira mawu a wotsogolera. "Akuti sakuona mantha. Ena mukumwetulira."

Nthawi ya nkhomaliro ndinawapeza ankolo atakhala okha pa njerwa kuseri kwa khoma, mbale ya mpunga ili pansi osaigwira.

"Mwatopa, ankolo? Ndikawauze kuti mupume?"

Anapukusa mutu. Kenako anati, "Bambo anga anawagwira chonchi. Dzanja lomweli."

Ndinakhala pansi pambali pawo.

"Inali nthawi ya chipani chimodzi. Tinapita kumsika kukagulitsa nandolo, ine ndili wamng'ono. Pa geti achinyamata a chipani ankaona makadi. Bambo anali ataiwala lawo m'malaya ena. Akanangopepesa mwina zikanatha, koma anafunsa kuti kodi nandolo nayenso afunika khadi? Basi. Anawakweza dzanja m'mwamba kuti msika wonse uone munthu wamwano. Anabwerako patapita zaka, opanda mano akutsogolo, osafunanso kulankhula ndi munthu."

"Ndiye munavomeranji kubwera kuno?"

"Ndimayesa zinatha m'thupi muno," anatero. "Komanso azunguwa akulakwitsa. Pa msika paja palibe anakuwa, palibe anathawa. Aliyense anangoyang'ana tomato wake."

Ndinawauza kuti tinyamuke tizipita. Anakana. Anati ntchito ukaiyamba umaimaliza.

Masana wotsogolera anabwera ndi nzeru ina. Anati tsopano satiuza kuti lole ibwera nthawi yanji kapena ichokera mbali iti. Tingoima pa mzere, makamera azijambula, ndipo chikachitika chilichonse tichite monga thupi latiuzira.

Tinaima. Poyamba anthu ankanong'onezana n'kumaseka. Kenako kuseka kunatha. Mphindi zinkadutsa, lole osabwera. Kunkangomveka lata lina likugubuduka pa denga ndi nsalu zathu zikukupiza. Ndinayamba kuyang'anayang'ana ku geti mwamantha, ngakhale ndinkadziwa bwinobwino kuti ndi sewero. Mayi wa kutsogolo kwanga ankangotembenukatembenuka. Ankolo anali patsogolo panga, pakati pathu pali anthu awiri, ataima njo.

Ndiye pa geti panalowa galimoto. Sinali lole ija. Inali galimoto yoyera, magetsi abuluu akuphethira pamwamba, ina yotere ikuitsatira pambuyo.

Ndinaganiza kuti ndi nzeru ya mzungu ija. Ndinamuyang'ana kuti ndione ngati akukondwa. Ndinapeza atatsegula pakamwa, akuyang'ana mnzake wa kamera, nayenso mnzakeyo akumuyang'ana. Mayi wa ku Zimbabwe uja anali atagwira kumutu. Asilikali a filimu, amene anali atabisala kuseri kwa khoma, anatuluka m'modzim'modzi akuika mfuti zawo pansi mosamala kwambiri.

Apolisi anatsika, mfuti zili m'manja, akukuwa kuti aliyense akhale pomwe ali.

"Ndi enieni!" Anakuwa ndi mayi wa kutsogolo kwanga uja, m'Chichewa.

Sindikumbukira kuti ndinaganiza zothawa. Ndinangozindikira ndikuthamanga. Mzere wonse unabalalika ngati nkhuku zaona kabawi. Wina anandigunda ndinagwa, ndinadzuka, nsapato imodzi n'kutsala pomwepo. M'mutu mwanga munali chinthu chimodzi: pemiti. Ndinkaona kale chipinda cha osungidwa, basi yobwezera anthu kwawo, ana anga awiri kumudzi akuchotsedwa sukulu. Kumbuyo kwa fakitale mpanda unali ndi pobooka. Tinapanikizana pamenepo anthu angapo. Polowa, waya unandigwira katumba n'kung'amba, koma ululu sindinaumve.

Ndinathamanga pa mchenga, miyendo ikutitimira, mpaka ndinagwera m'tchire. Ndinagona pamenepo chafufumimba ndikumvetsera. Sikunamveke mfuti. Kunkangomveka mphepo. Anzanga othawa nawo anali atalowera kwina. Apa m'pamene ndinakumbukira ankolo, kuti ndawasiya pa mzere osatembenuka n'komwe, munthu amene anabwera kudzandiperekeza ine.

Ndinalira pang'ono, koma kubwerera ndinalephera. Mwendo unali magazi okhaokha. Ndinavula nsalu ija, ndinang'amba mbali imodzi ndi mano n'kumanga pa bala, yotsalayo ndinaikwirira mu mchenga. Nsapato inayo ndinaitaya. Ndinayenda wopanda nsapato kulondola phokoso la magalimoto mpaka ndinatulukira pa msewu waukulu, ndipo takisi ya ku Mfuleni inaima.

Ndinakhala mpando wachitatu, pakati pa zenera ndi bambo wina wojintcha wovala ovolosi. Wailesi inkanena za mavoti amene akuwerengedwabe, ndipo anthu ankakangana m'Chixhosa kuti wina akubera. Ndinaweramitsa mutu. Ndinamasula kansalu kanga n'kupereka ndalama kutsogolo.

Ndinali nditaiwala za chala.

Bambo uja anachiyang'ana, kenako anandiyang'ana kumaso. Anandifunsa m'Chixhosa kuti ndikutsikira pati. Ndinamuyankha m'Chixhosa changa chothyokathyoka, ndipo ndinaona nkhope yake ikusintha.

"Ndiwe wakuti iwe?"

Ndinatembenukira ku zenera.

"Ndikufunsa. Ndiwe wakuti, ndipo wavota bwanji?"

Ndisanabise dzanja anandigwira pa mkono n'kulikweza m'mwamba mpaka linagunda denga la takisi. "Taonani! Zija amanena zija ndi izi. Makwerekwere, alendowa, akuvota!"

Takisi yonse inatembenuka. Ena anaimirira kumbuyo kuti aone bwino. Mawu anayamba kugwa mbali zonse. Wina anati ndinene amene wandilipira. Wina anati dalaivala akhotere ku polisi. Mnyamata wina kumbuyo anati ku polisi n'kutaya nthawi, angoimitsa pompano. Dalaivala anachepetsa wailesi, ndipo ndinamva galimoto ikuchepetsa liwiro.

Ndinayesa kufotokoza. Ndinati ndi filimu, ndi sewero chabe. Mawu ankatuluka osakanikirana, Chingerezi, Chixhosa, Chichewa. Ndinafuna kuwaonetsa foni, koma foni inali m'chikwama ku fakitale. Bambo uja anaseka. Zala zake zinkandifinya mpaka dzanja linachita dzanzi.

"Filimu? Opanda nsapato, magazi ali chuchuchu? Wathawa kuti iwe?"

Pa mpando wa kutsogolo kwathu panali mayi wina wachikulire wovala yunifolomu ya unamwino, jekete pamwamba. Anatembenuka pang'onopang'ono, anavala magalasi, nati kwa bambo uja, "Tsitsa dzanjalo ndilione."

Bamboyo analitsitsa koma osandisiya. Mayiyo anagwira chala changa, anachitembenuza uku ndi uku.

"Tsopano onetsa chako."

"Chifukwa chiyani?"

"Onetsa."

Anatulutsa chala chake chachikulu, chili ndi kadontho kaja pa chikhadabo. Mayiyo anaikanso chake pambali pake, kenako anakweza changa kuti onse aone.

"Ndani muno anamuviika chala cholozera mpaka pakati? Inu kumbuyoko? Adalaivala?" "Ine ndinaima pa mzere kuyambira m'mawa mpaka masana, ndipo sindinaone munthu akutuluka ndi chala chotere. Iyi si inki yathu. Musiye mwana wa eni."

"Nanga magaziwo?" bambo uja anafunsa, koma mawu ake anali atatsika.

"Magaziwo ndi ntchito yanga, si yako."

Anandisiya. Dzanja langa linagwera pa miyendo ngati si langa. Dalaivala anaponda mafuta n'kukwezanso wailesi. Koma bambo uja sanasiye kung'ung'udza, ndipo mnyamata wa kumbuyo uja ndinkamumva akupumira m'khosi mwanga. Ndinayang'ana pa zenera osaphethira, ndikuwerenga mapolo.

Tisanafike poimira matakisi, mayi uja anauza dalaivala kuti aime. Anandiyang'ana nati, "Tsika, mwanawe. Tafika." Sipanali potsikira panga, koma ndinamvetsa. Sankafuna kuti anthu aja aone njira ya kunyumba kwanga.

Ananditengera kwawo, kanyumba ka njerwa kokhala ndi geti lobiriwira. Anandikhazika pa mpando wa pakhonde, anamasula chinsanza chija, ndipo ataona diso limodzi ndi mano a pulezidenti wa mu filimu zili magazi okhaokha, anachigwira ndi nsonga za zala n'kuchiponya m'bini. Anatsuka balalo ndi madzi a mchere. Apa ndiye ululu unabwera wonse. Ndinamufotokozera zonse, ndikuyembekeza kuti aseka. Sanaseke. Anamanga bandeji, anandipatsa masilipasi akale, nandiuza kuti mawa ndipite ku chipatala akandibaye jakisoni wa kafumbata. Chala anachikulunganso ndi pulasitala.

"Usachotse mpaka inkiyo itatha," anatero. "Wina akakufunsa, unene kuti unadzicheka ndi mpeni."

Dzina lake sindinamufunse, nayenso sanandifunse langa.

Ndinafika kunyumba dzuwa litapendeka. Sindinathe kukhala pansi. Ndinkangotuluka n'kulowa, ndikuganiza kuti ankolo ali m'chitolokosi chifukwa cha ine. Kenako ndinawaona akubwera mu kanjira ka pakati pa nyumba, akuyenda pang'onopang'ono, chikwama changa chili paphewa, nsapato yanga imodzi ili m'manja.

Ndinagwada pansi. "Ankolo, mundikhululukire. Ndinakusiyani."

"Dzukani, achemwali, anthu akuona. Mukanatani? Mukanandibereka?"

Anakhala pa chigubu pakhomo nandifotokozera. Akuti anthu a nyumba za pafupi ndi fakitale ija anamva mfuti tsiku lonse, ndipo poti inali sabata yotere, anachita mantha n'kuimbira apolisi. Apolisiwo atafika anaona mapepala a filimu, anayendera mfuti zija imodziimodzi, anachenjeza azunguwo kuti akanadziwitsa anthu oyandikana nawo, n'kumapita. Palibe mlendo ndi m'modzi yemwe amene anafunsidwa pemiti.

Ndinaseka, koma kusekako kunasanduka kulira.

"Inu simunathawe?"

"Miyendo inakana," anatero. "Ndinangoima. Ndiye poti ndinaima, ndinaona zimene inu othawa simunaone. Mzungu uja mantha ake anali a kanthawi kochepa. Ataona mmene mukuthawira, anakodola wa kamera uja kuti asazimitse. Anakujambulani nonse mpaka pa mpanda. Apolisi atapita anabwera kwa ine akumwetulira, akuti zimene amafuna zija wazipeza."

"Munamuyankha chiyani?"

"Ndinamufunsa ngati akudziwa kumene anthu ake athawira, ndi ngati afika kwawo amoyo. Anafuna kundigwira chanza, ine manja ndinaika kumbuyo."

Mawa lake basi inabweranso kudzatenga anthu oti akamalize zotsala. Ndinaimva ikuliza hutala pa msewu. Ena anapita, ndipo sindiwaweruza. Ine ndi ankolo sitinapite. Mayi wa ku Zimbabwe uja anabwera yekha kudzandipepesa, ndipo ataona mwendo wanga anagwetsa misozi. Zotsatira za chisankho zinalengezedwa, m'dera lathu simunachitike chipolowe, mashopu anatsegulidwanso. Inki inatenga pafupifupi masabata awiri kuti ithe. Chipsera cha pa katumba chilipo mpaka lero.

Patapita chaka ndi miyezi, mng'ono wanga wa ku Lunzu anandiimbira foni akukuwa ndi chisangalalo. Akuti filimu ija yafika kwathu, anyamata aikamo mawu a Chichewa, ndipo wandiona. Akuti ndikuoneka bwinobwino, ndikugwa, ndikudzuka, ndikuthamangira ku mpanda ndi nsapato imodzi. Anaibwereza katatu kuti ana anga aone mayi awo.

"Koma achemwali mumatha!" anatero. "Nkhope imene ija! Anthu onse kuno akuti zimaoneka ngati zenizeni. Anakuphunzitsani masiku angati?"

Ndinamva ana anga akuseka kumbuyo kwake, akulimbirana foni.

"Tsiku limodzi," ndinayankha. Kenako ndinamuuza kuti andipatsire wamkuluyo, ndimufunse za mayeso.